Thumba Lili Kuseri kwa Chitseko Ndi Lako

Limbani, mwana wanga,

Usadabwe kuti ndikukulembera kalata pamene gowelo lako ndi nyumba yanga zikuyang'anizana. Ndayesa kuyankhula nawe pakamwa, koma iwe ukayamba kuyankhula supuma, ndipo ine mano anatha, mawu amathawira m'mipata ndisanawagwire. Pepala silidula munthu pakamwa. Cholembera ndabwereka kwa mlongo wako, n'chifukwa chake n'chofiira, usaganize kuti ndikukuchonga. Amayi ako ali kuseri akukazinga mtedza woti unyamule. Akulira, koma akunamizira utsi.

Mawa ukupita ku Zomba kukaphunzira zamalamulo. Ndasangalala. Pabanja pathu pano milandu takhala tikuipalamula chabe, tsopano tipeza woti aziiyankha. Koma usanapite pali nkhani ya thumba lija lili kuseri kwa chitseko, ndipo sindikufuna ukwere basi nkhaniyo ili chigonere ngati galu wodwala.

Ndiyambe ndi zimene tonse tikuzidziwa, kuti usadzanene kuti mkuluyu anapotoza umboni. Chaka chino dzina langa silinatuluke pa makuponi a feteleza. Latuluka lako, poti ndinakudulira munda kumtunda ndipo alembi anakuwerenga ngati khomo palokha. Kuno ku Wimbe makuponi amabwera ochepa kuposa makomo, ndiye chiyambire tinapangana kuti amene dzina lake latuluka, thumba amalitsegula pabwalo n'kugawana ndi khomo lina ndi ndowa. Boma silinanene zimenezo, tinapangana tokha. Iwe anakuika kuti ugawane ndi a Namakhwa, aja anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti, mwini esiteti atasiya ulimi n'kuwasiya opanda ndi ya basi yomwe. Mudzi unawapatsa kamunda m'mbali mwa dambo, koma mayina awo ngati obwera satuluka. Ndalama yowombolera matumba unalipira wekha, ya maganyu ako oumba njerwa, ndipo a Namakhwa atabwera ndi yawo unaibweza. Thumba lokulitsa unathira lonse m'munda mwako. Latsala lobereketsa. Chimanga chako chabiriwira ngati cha pa kalendala, cha a Namakhwa chafika m'maondo ndipo chayamba chikasu. Sabata ino ikatha, ngakhale atathira n'kutaya chabe.

Pamsonkhano wa mudzi uja unaimirira n'kunena kuti: "Munthu ndi mwini wa thupi lake ndi thukuta lake. Ine sindinasainirane ndi mudzi, sindinasainiranenso ndi boma. Boma ndi mbala yovala tayi. Wolanda changa ndisanavomere, kaya ndi mmodzi kaya ndi mudzi wonse, ndi wakuba." Kenaka a Nabanda anafunsa mokweza, poti makutu awo anapita kale: "Kodi mwana wa a Jailosi akudwala malungo?" Ine ndinaseka, iwe unakwiya. Pepa. Koma umve, Limbani: sindinaseke chifukwa zonse zinali zopusa. Zina mwa izo n'zoona, ndipo ndinaziphunzira ndi miyendo yanga iwe usanabadwe.

Ndisanakwatire amayi ako ndinalowapo utenanti pa esiteti ina cha ku Chulu. Kapitawo wake anali kamunthu kafupi, tinkamutcha Kachitsa. Fodya atangoyamba kuthyoledwa, uthenga unafika kuti agogo ako aamuna ali gone. Ndinapita kukatsanzika. Kachitsa anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati: "Miyendo imeneyo yadya phoso la bwana. Mpaka fodya apite ku okushoni, ndi ya bwana." Ine ndinati: "Chabwino, akapitawo, duleni m'chiunomu, miyendo itsale, kumtundaku kupite kukaona odwala." Sanaseke. Anandiuza kuti alonda auzidwa kale. Mawa lake dzuwa lili paliwombo ndinanyamula khasu paphewa ngati ndikupita kukabandira, ndinadutsa alonda ndikuimba mluzu, n'kumangopita. Ndiye pa zimenezi uli ndi mboni, a loya. Palibe munthu amene ali mwini wa mnzake. Kaya ndi mphunzitsi wa ku koleji, kaya ndi bwana amene adzakulembe ntchito, kaya ndi chipani chokupatsa malaya ndi ya soda, akadzayamba kuwerengera miyendo yako ngati katundu wake, udzanyamule khasu.

Koma kupusa kwanga kunabwera pambuyo. Poopa msewu ndinadzera m'tchire, ndipo m'malo molowera kwathu ndinalowera kumpoto, mpaka ndinafika kumene moni wake ndi wa Chitumbuka. Njala inali itandipinda ngati chikwakwa. Mayi wina anandiona nditakhala pansi pa mtengo, sanafunse zambiri, anangobwera ndi mbale ya maungu. Nditakhuta pakamwa panatseguka. Ndinayamba kuuza amuna awo kuti ine ndine mfulu, ndadzimasula ndekha, padziko lino palibe amene ndikumudalira. Mayi uja anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: "Adada a mfulu, mwamaliza? Bwezani mbale, ana adyeremo." Apo m'pamene ndinazindikira kuti ana anali asanadye. Amuna awo anandikweza pa njinga mpaka pa njira ya kwathu. Khasu la bwana ndinawasiyira, poti nalonso linali litamasuka. Usaiwale, Limbani: thupi ndi lako ndithu, koma m'kati mwakemo muli maungu a anthu ambiri amene sunasainirane nawo.

Tsopano za boma. Nthawi ya makhadi a chipani iwe sunaione. Pakhomo la msika pankaima anyamata, wopanda khadi salowa. Tsiku lina ndinapita kukagulitsa tonde. Khadi langa ndinali nalo, ndinaonetsa bwinobwino, akanandilola kudutsa. Koma lilime langa ili, Mulungu analipatsa mafuta ambiri. Ndinati: "Nanga mnzangayu alowa bwanji, poti alibe khadi?" Wamkulu wawo anati: "Mwanena zoona, madala." Anandigulitsa khadi lachiwiri, analembapo Tonde Mwale, ndipo anatikhazika tonse awiri padzuwa kuti tiimbe nyimbo zotamanda. Tonde ankaimba bwino kuposa ine. Msika unatha, tinabwerera kunyumba tonse, aliyense ndi khadi lake. Agogo ako aakazi sanaseke konse, poti ankadziwa anthu amene ananena zochepa kuposa zanga ndipo sanabwerere.

Titavotera zipani zambiri wailesi inayamba kunena kuti tsopano boma ndi wantchito wathu, mabwana ndife. Ine zinandilowa. Ndinapita ku ofesi ina ku boma kukakonzetsa chiphaso cholimira fodya, ndinavala jekete la ukwati, ndinagogoda pa tebulo n'kuuza kalaliki kuti: "Mnyamata, bwana wako wafika." Anandilozera benchi. Ndinakhala pa benchipo anthu akulowa ndi kutuluka, mpaka wosesa anandipempha kuti ndikweze miyendo. Potseka kalaliki uja anati: "Bwana, mubwere mawa, wantchito wanu watopa." Ndiye ndinalakwitsa kawiri. Poyamba ndinayesa boma mlamu wanga woti n'kuseka naye, kachiwiri ndinaliyesa mnyamata wanga. Si zonsezo ayi.

Ukuti sunasaine kuti boma likulamulire. Nanenso sindinasaine. Sindinasainenso zobadwira ku Wimbe, ndikanafunsidwa ndikanasankha kumene mvula siimanama. Boma tinalipeza ngati ng'ombe ya ngolo yosiyidwa ndi makolo: imadya chimanga cha eni ake, imaponda ana, nthawi zina imagunda, ndipo amene ali pafupi ndi goli ndi amene amanenepa. Koma ukaipha lero, mawa aliyense asenza yekha katundu, ndipo amphamvu ayamba kukoka ngolo ndi anzawo. Kachitsa uja sanali boma, kumbukira. Pa esiteti paja boma linali kutali, ndipo kutali kwakeko sikunandipatse ufulu. Muyeso wanga ine wa Sitandade 5 ndi uwu: boma loyenera kulimvera ndi limene ungalinene pamsika masana n'kukagona kwanu madzulo. Likayamba kudana ndi nthabwala, yamba kuliopa. Likakupatsa kanthu ndi dzanja ili, landira, koma maso akhale pa dzanja linalo.

Apa ndili ndi funso, a loya, ndipo ukaliyankhe ku Zomba ngati kuno lakukanika. Ukuti boma ndi mbala. Chabwino. Ukutinso thumba ndi lako chifukwa dzina lako lili pa kuponi. Analemba dzinalo ndani? Si mbala yomweyo? Ine chibadwire sindinamvepo munthu akuti: "Mbuzi iyi ndi yanga ndithu, wakuba anandipatsa ndipo analemba dzina langa." Ndalama yako ya njerwa inalipira kachigawo kakang'ono, ukudziwa wekha mtengo wa thumba kusitolo. Zinazo zinachokera ku msonkho umene ukuti boma limaba. Linaba kwa yani? Iwe sunagulitsepo belo la fodya ndi limodzi lomwe. A Namakhwa mabelo amene anadutsa m'manja mwawo akhoza kutseka msewu wa ku Lilongwe. Ngati pali wobedwa woti abwezeredwe, sindikudziwa ngati ndi iwe. Sindikuti ndapambana, ndikungofunsa.

Zimene umanena zoti chilungamo aziweruza eni ake, osati mabwalo ndi makhoti, nazonso ndinaziyesapo, ndipo zinandidyera tambala. Malemu a Gwedeza, amene munda wawo unkachita malire ndi wathu, tinalimbirana nawo chulu. Chulucho chinali pamalire penipeni, dothi lake lokoma, maungu ankabereka ngati mitu ya ana. Ine ndimati n'changa, iwo amati n'chawo. Tinagwirizana chinthu chimodzi chokha: kubwalo sitipita, kumeneko amangodya nkhuku za anthu. Tisankhe tokha woweruza amene tonse timamukhulupirira. Tinasankha a Filipo, mkulu wina amene anagwirapo ntchito ku migodi ndipo ankavala magalasi, ngakhale ankawerenga ndi chala ngati ife tomwe. Ndisaname, m'mawa wa mlandu ndinatumiza tambala kwa a Filipo kuti akumbukire bwino malire. Ndikubwerera ndinakumana ndi mwana wa a Gwedeza akukoka kamwana ka mbuzi kulowera komweko. Tinapatsana moni mwaulemu.

A Filipo anazungulira chulu, anavula magalasi, anawavalanso, n'kunena kuti: "Abale anga, nonse mwayankhula zoona, ndipo chikondi chanu ndachiona. Chuluchi chikapita kwa mmodzi pakhala udani. Ndiye ndichisunga ine mpaka mutagwirizana." Anadzalapo maungu chaka chomwecho. Tinalibe kokadandaula, poti tinamusankha tokha ndipo pamwamba pake panalibe wina. Tinapita kubwalo kumene tinkakukana kuja, anadya nkhuku, nati pitani kukhoti. Kukhoti ku boma woweruza anali mnyamata waulemu wa m'tauni, anafunsa kawiri kuti chulu chimenechi ndi nyumba kapena ndi munda, n'kuimitsa mlandu. Tinapita, anaimitsanso. A Gwedeza ndi ine tinayamba kukwezana pa njinga imodzi popita kukasumirana, poti yawo inathyoka foloko.

Mlanduwo unatha bwanji? Tsiku lina ndinadya ngumbi zokoma, ndinafunsa amayi ako kuti zachokera kuti. Anati: "Pachulu." Ndinati: "Chulu chiti?" Anati: "Chimene mukuthera matayala chija. Ine ndi akazi a a Gwedeza timatchera limodzi chaka chilichonse, timagawana ndi mbale. Dothi lozira nyumba timakumbanso pomwepo. Maungu a a Filipo timathyola tikafuna, iwo amaopa kufunsa." Ndinati: "Bwanji simunanene?" Anati: "Munatifunsa?" Umve, Limbani. Woweruza wodzisankhira akhoza kukudya, wa boma akhoza kusadziwa chimene akuweruza. Amene anaweruza bwino anali aja amene chigamulo chake ankayenera kuchidya okha, n'kumaonanabe pamjigo m'mawa uliwonse. Ukadzakhala pa mpando woweruza, uzidzafunsa kaye kuti ndani adzagone ndi chigamulochi, ndipo amene sanaitanidwe kudzayankhula ndani.

Sindikuti mudzi sulakwa, usandimve molakwa. A komiti athu a makuponi ndimawadziwa. Dzina langa limasowa, koma agogo a wapampando amene tinawaika kale m'manda akulandirabe, mwina kumeneko nakonso nthaka inaguga. Mudzi ukhoza kupondereza munthu kuposa boma, poti umadziwa pamene amagona. Ukadzaona anthu ambiri agwirizana msangamsanga kuti uyu ndiye wolakwa, ena atatola kale miyala, usadzawerenge manja n'kuyesa chilungamo. Pamenepo mawu ako aja a pamsonkhano adzafunika, ndipo udzawanene mokweza. Koma zogawana thumbazi sizinachokere kwa a komiti. Zinachokera kwa anthu amene amadziwa kuti mu Febuluwale mwana wa khomo lopanda chimanga akalira, amamveka m'makomo onse, ndipo mondokwa akayamba kusowa m'minda palibe amene amafuna kugwira mnansi wake.

Dzulo a Namakhwa anabwera, iwe uli ku boma kogula sutikesi. Usaganize kuti anabwera kudzapempha. Anabweretsa kathumba ka nandolo kuti amayi ako akuphikire chakudya chotsanzikira, ndiye amene wadya masana uja n'kuwonjezera. Ndinawauza kuti ndikulankhula nawe za thumba. Anandigwira mkono, nati: "A Mwale, mwanayo musamupanikize. Ine ndadya zaka zambiri zogawiridwa ndi munthu wokwiya. Zimalowa m'mimba koma sizikhutitsa." Ndinati: "Nanga chimanga chanu?" Anati: "Chimanga changa chazolowera ulemu, chimadikira." Anaseka, inenso ndinaseka, koma pobwerera ndinawaona ataima m'munda mwawo nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Zoti ndi mwini wa thupi lake munthu ameneyu sanaziwerenge pa foni ngati iwe, ndipo mwa anthu onse a pamsonkhano paja ndi yekhayo amene wakuikira kumbuyo.

Zina n'zazing'ono. Kondakitala akakuuza kuti sunthira uko, suntha, usayambe kumufotokozera za mwini thupi, adzakutsitsa pa Mponela. Mowa ukaufuna uzigula ndi yako, wogulidwa ndi andale umatuluka ndi ngongole ya miyendo. Mtsikana akakukana, wakana, nayenso thupi ndi lake, pamenepo lamulo lako ndimalivomereza lonse popanda kudula. Uzikaimbira foni amayi ako Lamulungu, osangoti kuflasha. Ukakumana ndi anzako anzeru kuposa iwe usathawe, ukakhale nawo pafupi. Ukaona kuti m'chipinda chonse wanzeru ndiwe wekha, fufuza bwino, mwina enawo angotopa nawe.

Tibwerere ku thumba. Unauza amayi ako kuti ukachoka akathire lonse m'munda mwako. Andituma kuti ndikuyankhe: akuti msana ndi wawo, ndipo sanasainirane nawe. Waona kuopsa kophunzitsa anthu malamulo? Koma usade nkhawa. Ukanena kuti lonse lipite m'munda mwako, ndithira ine, ndi kachitsekero ka botolo, phando ndi phando, maondo akulira ngati chitseko. Sindibapo ngakhale dzanja limodzi, sindidzakunena kwa anthu, ndipo ukadzabwera pa holide ndidzakulandira chimodzimodzi. A komiti akabwera ndiwauza kuti mwini wake anakana, ndipo m'nyumba mwanga salowamo munthu kudzatsegula thumba la mwana wanga. Ndikanatha kuligawa iwe utakwera basi, ukanamva pa Pasaka. Sindichita zimenezo. Ndikatero ndiye kuti ndakhala Kachitsa, ndipo iwe upita ku Zomba ukukhulupirira kuti chilungamo ndi chimene wamkulu amachita wamng'ono akatembenuka.

Unafunsa pamsonkhano kuti woweruza ndani. Pa mlandu uwu ndiwe. Wodandaula wakana kudandaula, mboni ndine ndipo ndamaliza, apilo kulibe.

Mawa ndikukweza pa njinga mpaka pamsewu, sutikesi tiimangirira kutsogolo. Tikafika pamphambano ya pamjigo ndiima n'kuponda pansi. Njira ya kumtunda ndi yaifupi ndipo sidutsa pakhomo pa munthu. Ya kudambo ili ndi matope, imadutsa pakhomo pa a Namakhwa. Ukati kumtunda, ndipalasa osacheuka. Ukati kudambo, ukatsika wekha, ukaodira wekha, n'kuwauza ndi pakamwa pako kuti abwere ndi ndowa. Ine sindikawauza, ndikakhala ndikuyang'ana tayala. Ndipo ngati ukupita kumeneko ndi nkhope yokwiya, bola kumtunda, wamva zimene ananena.

Usakachedwe kuganiza pamphambanopo. Basi sidikira maloya, ndipo mwendo wanga wakumanzere suchedwa kuchita dzanzi.

Ndine bambo ako, amene sunandisankhe,
Jailosi Mwale